Zakuda za a Tecla

A Tecla ankagulitsa mandasi pageti la mgodi, ndipo ku komboni yathu ya Madumabisa kunalibe munthu amene iwo sanamusekepo, ngakhale abusa. Amuna awo, a Obedi, atamwalira mu 2004, a Tecla anasiya kulankhula, kenako kudya. Mapiritsi atakanika, madokotala ku Bulawayo anati awathandize ndi magetsi a m'mutu atawagoneka ndi mankhwala.

Ine, mnzawo wa ku Mvano, ndinapita kukawadikirira. Namwino anandichenjeza kuti asamadye m'mawa wa tsiku la magetsi kuopa kutsamwa ali m'tulo, ngati kuti munthuyo ankadya. Anatinso mutu ndi nsagwada zidzawawa, ndipo za miyezi yapafupi akhoza kuiwala. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse.

Patapita milungu anayamba kudya pang'ono. Tsiku lotuluka ndinawatulutsira diresi ndi duku zakuda, poti wamasiye savula chaka chisanathe. Anandifunsa chifukwa chowabwereka zovala zanga zamaliro zakalekale. Kenako anafunsa chimene chawaletsa amuna awo kubwera.

Ndinaopa kuti ndikanena zoona abwerera kokana chakudya. Ndiye ine, amene ndimalangiza atsikana a mpingo za kuipa kwa bodza, ndinati ali ku shifiti ku mgodi. Komatu bodza limafuna luso. A Obedi anali atapuma ntchito zaka zambiri m'mbuyomo, fumbi la malasha litawathera m'chifuwa, ndipo kuiwalako sikunafike kutali choncho.

"Achemwali," anatero, "munthu wolephera masitepe a tchalitchi, shifiti yake iti? Kunama simutha inu. Anapita liti?"

Ndinakhala pabedi n'kuwauza zonse: mmene a Obedi anagwera pakhonde, abale amene anachokera ku Empumalanga, bokosi limene anzawo akale a mu mgodi ananyamula. Analira maliro omwewo kachiwiri. Ine ndinkapemphera chamumtima, koma maso ali pa mbale ya mpunga imene inkazizira pambali pawo.

Atatonthola anafunsa amene anayambitsa nyimbo kumanda. Ndinati ndine, ndi mawu angawa amene a kwaya anandipempha mwaulemu kuti ndiziwasungira kunyumba.

"Ndiye amuna anga anapita movutika," anatero akumanga duku lija. Anapukuta m'maso n'kuloza pambali. "Tandipatsani mbaleyo."