Kutapako kwa a Mbewe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha dzanja langa. Nditamaliza kalasi ya khumi ndinakhala chaka chathunthu kwathu ku Lifidzi, kulima ndi amayi, ndipo Loweruka ndinkalemba mayina a ana obatizidwa m'buku la mpingo. A katekista ataona kuti zilembo zanga sizikhota, anandiuza kuti mlamu wawo amagwira ntchito pa empereza, kampani ina yogula chimanga, nyemba ndi soya ku Ulongwe, ndipo kumeneko akufuna mlembi wodziwa Chipwitikizi ndi Chinyanja. Ndinapita nditavala malaya a malemu bambo anga, manja ake nditapinda kawiri.

Shefi, bwana wa m'ofesi imene tinkaitcha sikiritoriyo, anali a Dona Luiza, mayi wochokera ku Tete, wolankhula mofulumira ngati akuthamangira chapa, kaminibasi konyamula anthu. Anandipatsa pepala kuti ndikopere, anayang'ana zilembo, nkunena kuti ndiyambe Lolemba. Kenaka anandifunsa ngati ndamva zonse zimene anafotokoza. Ndinati inde. Ndinali nditamva theka.

Inde ameneyu anakhala chakudya changa cha tsiku ndi tsiku. Chipwitikizi changa chinali cha kusikola ya kumudzi, cha m'buku la masamu ndi la mbiri, osati cha m'mapepala a ndalama. Ndinkaopa kuti ndikafunsa adzaona kuti analemba munthu wolakwika. Mawu achilendo ndinkawalemba kuseri kwa chikhatho kuti ndikawaganizire kunyumba, koma kunyumbako kunalibe woti ndimufunse. Ndinkagona m'kachipinda kalendi kuseri kwa chigayo, ndipo munthu yekhayo amene ndinkalankhula naye anali mwini nyumba pakutha kwa mwezi. Kuntchito onyamula matumba ankasiya nthabwala ndikamadutsa, poyesa kuti ndine khutu la shefi. A m'sikiritoriyo nawo ankapita kukadya osandiitana. Ine ndinkadyera mbatata yanga yophika kuseri kwa balansa yoyezera matumba, pamthunzi wa khoma.

Mwa ntchito zanga inalipo ya fundo. Mwezi uliwonse empereza inkadula pang'ono pa malipiro a wantchito wokhazikika, nayo nkuwonjezerapo gawo lake, kuti munthu akadzafika pa reforma, atakalamba ndi kupuma ntchito, adzakhale ndi pogwira. Amene wagwira zaka zoposa khumi ankaloledwa kupempha gawo la ndalama zake akagwa m'vuto. Munthu ankabwera ndi bilyeti yake, chiphaso cha boma. Ine ndinkatulutsa fisha yake, khadi losonyeza ndalama zake, m'kabati yachitsulo, nkudzaza mapepala atatu ofanana ndi kaneta, cholembera cha inki yakuda, osafufuta pena paliponse. Wosadziwa kulemba ankadinda chala chachikulu cha kumanja. A Dona Luiza ankalemba dzina lawo ndi kumenya karimbo, chidindo cha empereza, ndipo envelopi inkapita ku Tete ndi motorisita, woyendetsa galimoto ya empereza, Lachiwiri loyamba la mwezi. Ikaphonya tsiku limenelo, inkadikira mwezi wina.

Pempho loyamba limene ndinadzaza ndekha linali la a Mbewe, bambo wosoka matumba, wa kufupi ndi Fonte Boa. Anali atasoka matumba pa emperezapo zaka zoposa makumi awiri, ndipo kunatsala zitatu kuti apume. Analowa kumayambiriro kwa mwezi wa khumi, chipewa chili m'manja, singano yawo yaikulu atabaya pakolala.

"Mwana wanga, ndamva kuti m'nkhokwe yathu ija munthu angathe kutapako. Ndikufuna kutapako pang'ono, ndigule adubu, feteleza wa chimanga, mvula isanagwe. Chaka chatha munda unandichititsa manyazi."

Papepalapo panali timabokosi tiwiri. Kena kanalembedwa parcial, kena total. Parcial ndinali ndisanakumanepo naye. Total ndinkamudziwa bwino, chifukwa kusikola ndi mawu amene tinkalemba pansi pa samu, pamene pamakhala yankho. Ndinaganiza kuti ndi pamene pamasonyeza ndalama zimene munthu alandire. A Dona Luiza anali pameza pawo, masitepe anayi kuchokera pa ine, akulankhula pa telefoni. Ndinayang'ana msana wawo, ndinayang'ana a Mbewe amene ankandiyang'ana ngati munthu wophunzira, nkuchonga total pa mapepala onse atatu. A Mbewe anadinda chala, nkupukutira inki pabuluku.

"Dzanja lokongola," anatero. "Amene anakuphunzitsa sanadye ndalama zaulere."

Shefi anamenya karimbo pamodzi ndi mapepala ena ambiri osawerenga, ndipo envelopi inapita. A Mbewe anatenga masiku awo opuma kuti akakonze munda.

Patatha masabata awiri, Lachitatu m'mawa, kunabwera wonyamula matumba wina amene ankasiya ntchito kupita kumigodi ya malasha. Nditatulutsa fisha yake, a Dona Luiza anadutsa pambuyo panga nkuloza ndi kaneta.

"Uyu chonga total. Akuchoka, atenge zake zonse, fisha titseke. Umuuze kuti gawo la empereza sakhudza, chifukwa sanafike pa reforma."

Ndinadzaza pepala la mnyamatayo, ndinamufotokozera monga anandiuzira, ndipo atatuluka ndinatsegula kabati nkutulutsa pepala lotsala la a Mbewe. Chizindikiro changa chinali pomwepo, choyera bwino, chosakhota. Ndinali nditapempha kuti fisha ya a Mbewe itsekedwe, ndi kuti gawo lonse limene empereza inawaikira pa zaka makumi awiri litayike, kutatsala zaka zitatu zokha.

Ndinabweza pepalalo m'kabati. Ndinalemba malisiti a soya mpaka masana. Maganizo ena ankandiuza kuti ndikhale chete: ndalama zikadzafika zidzakhala zambiri kuposa zimene anapempha, a Mbewe adzasangalala, ndipo chowonadi chidzatuluka patapita zaka zitatu, ine mwina nditachoka kale. Ndinakhala kuseri kwa balansa mbatata ili m'manja, osailuma. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe pa Ulongwe yense amene ndikanamuuza kuti andithandize kuganiza.

Anthu atabwerako kokadya ndinaima patsogolo pa meza ya shefi ndi pepalalo. Mawu anatuluka ang'onoang'ono moti anandiuza kuti ndibwereze.

"Sindinkadziwa parcial," ndinatero.

"Sunkadziwa? Nanga pakamwapo unapachita lendi?"

Anawerenga pepala, nkuona karimbo yawo. Kenaka anaimba ku Tete, nkulankhula nthawi yaitali. Ndalama zinali zisanatuluke. A kumeneko anati pempho lingathe kufafanizidwa ngati kalata yokana, yokhala ndi chala cha mwini wake, ifika pofika Lachisanu. Koma pempho latsopano liyambira pachiyambi, ndi envelopi ya mwezi wotsatira, ndipo kumapeto kwa chaka mapepala amayenda pang'onopang'ono.

"Karimbo ndi yanga, zimenezo ndiyankha ndine," anatero a Dona Luiza. "Koma kwa mkuluyo upita ndiwe. Ukamuuze ndi pakamwa pako."

Tinalemba kalata ndi pempho latsopano, nkuchonga parcial, kutanthauza kutapako gawo chabe. Ndinaika kansalu ka inki m'thumba la pulasitiki, ndinabwereka njinga ya mlonda, nkuyamba ulendo dzuwa likuswa mtengo. Njira yonse ndinkakonza mawu, koma aliwonse ankamveka ngati bodza. Nditafunsa kawiri, mayi wina anandilozera munda wa kutsidya kwa dambo.

Ndinawapeza a Mbewe akuunga mizere, akazi awo a Naphiri ali mzere wachitatu kuchokera pa iwo.

"Odi kumunda!"

"Ee, alembi! Mwanyamula ndalama zanga panjinga? Mukanandiuza ndikanabwera ndi ngolo."

Ndinatsamiritsa njinga pachitsa, nkunjuta. Ndinawauza zonse, kuyambira pa timabokosi tiwiri mpaka pa telefoni ya ku Tete. Sindinayang'ane nkhope yawo. Ndinkayang'ana mapazi awo, ong'ambika ndi dothi louma. Nditamaliza anatola kamtengo nkuyamba kupala dothi pakhasu, pang'onopang'ono.

"Tsiku lija ine ndinati chiyani?"

"Munati mukufuna kutapako."

"Kutapa-ko. Iwe ndi Mnyanja mnzanga. Ko ameneyu sunamumve?"

"Ndinamumva, bambo. Koma papepala sindinamuzindikire."

"Amayi ako akakutuma kuti ukatapeko chimanga m'nkhokwe, umakagwetsa nkhokwe?"

"Ayi, bambo."

A Naphiri anali atasiya kulima. Anafunsa funso limodzi lokha, kwa amuna awo, osati kwa ine: "Ndiye adubu abwera liti?"

Ndinayankha ndine, kuti mwina Khirisimasi itadutsa. Anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kale kusonkhana masana aliwonse, nkuweramira pakhasu lawo.

Ndinatulutsa mapepala ndi kansalu ka inki, nkuwayala pachishalo cha njinga. A Mbewe anapukuta chala pamalaya, koma anachibweza.

"Werenga kaye. Mokweza. Osati m'chilankhulo cha azungu, m'chathu. Pamene sukudziwa unene kuti sukudziwa."

Ndinawerenga mzere ndi mzere, ndikumasulira. Pa mzere wina panali mawu amene sindinkawadziwa, ndipo ndinavomera. Anandiuza kuti ndiimbire shefi. Ndinaimba pomwepo, pakati pa mizere, ndi timphindi totsala m'telefoni yanga, ndipo a Dona Luiza anandifotokozera kuti mawuwo akutanthauza ndalama zotsala m'fundo. Apo mpamene a Mbewe anadinda, kanayi.

"Pita, kusanade," anatero. Sanandikalipire, sanandiperekezenso mpaka panjira monga achitira ndi mlendo.

Kalata tinaitumiza pa chapa, inafika ku Tete Lachisanu m'mawa, ndipo fisha ya a Mbewe sinatsekedwe. Mvula inagwa kumapeto kwa mwezi wa khumi ndi umodzi. Ndalama zawo zinalowa kubanko pakati pa mwezi woyamba wa chaka chatsopano, chimanga chitafika kale m'mawondo, chachikasu, adubu atakwera mtengo m'masitolo. Anagula thumba limodzi m'malo mwa atatu.

Ine ntchito sinandithere. A Mbewe atabwerera ankandipatsa moni m'mawa uliwonse monga kale, koma pepala lililonse lochokera pameza panga, ngakhale la malipiro, ankayamba apita nalo kwa woyeza matumba kuti awawerengere. Ndinkawaona pawindo. Nkhani inafala, ndipo kwa miyezi ingapo onyamula matumba ankanditcha Total. Ndinkayankha, poti linali dzina loyamba limene anandipatsa.

Nthawi yokolola itafika, empereza inatsegula zogula, ndipo ine ndinkalemba mayina a alimi obweretsa chimanga. Anthu a ku Fonte Boa anabwera ndi ngolo ndi njinga masabata asanu ndi limodzi. A Mbewe anasoka matumba a anthu onsewo. Lawo panalibe ndi limodzi lomwe.

Mpaka lero ndimagwira ntchito ya mapepala, ndipo palibe chala chimene chimadinda pameza panga ndisanawerenge pepala lonse mokweza m'Chinyanja, ngakhale mzere wa anthu utafika panja. Ndikakumana ndi mawu achilendo ndimaimirira nkukafunsa, aseke asaseke. Manyazi amene ndinawathawa tsiku lija anali a masitepe anayi okha, koma anawalipira ndi a Mbewe, ndi munda wa chaka chathunthu.