Utoto Wofiira pa Bawuti ya Trifon

Trifon Belchev ali ndi zaka 68. Anali dalaivala wa malole onyamula zipika m'nkhalango za boma, pano anapuma. Mkazi wake Nevena anamwalira. Amakhala yekha m'mudzi wa kumapiri wa Studen Dol, m'nyumba yomaliza kumene msewu umathera, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Ralitsa, ali mumzinda wa Plovdiv.

Kupumako ndi kwa dzina chabe. Munthuyu sakhala pansi. Khofi amamwa chiimire, ndipo m'tchalitchi amaima kukhomo kuti wansembe akatalikitsa atuluke osasokoneza anthu. Basi inasiya kalekale kukwera kuno, sitolo inatsekedwa, ndiye Trifon ndi amene amatsika kutauni ya Smolyan pa njinga yamoto kukatengera okalamba anzake buledi, mankhwala ndi mabatire. Palibe anamutuma ntchito imeneyi. Anangoona kuti ikumupatsa chifukwa chochokera pakhomo.

Njingayo inagulidwa ndi Ralitsa, yakale ija itafera pakhonde. Yakaleyo inkazizira ndi mphepo basi. Iyi ndi ya ku Japan, yogwirapo kale ntchito kwina, ndipo ili ndi rediyeta ngati galimoto. Popereka makiyi, Ralitsa ananena mawu ake pamaso pa anthu: tsiku limene njingayi idzawasiye panjira, bambo adzalongedza n'kutsikira ku Plovdiv, kumene chipinda chawo chili chikonzere. Trifon anavomera. Chipindacho anali atachiona kale. Chili pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, zenera lake limayang'ana khoma la nyumba ina, ndipo pakhonde pake munthu akangotembenuka wagunda chitsulo.

Pali khalidwe limodzi limene anachoka nalo ku malole. Masiku amenewo chisanu chikayamba, dalaivala aliyense kuno ankatulutsa madzi m'injini madzulo kuti asaundane n'kuing'amba, m'mawa n'kuthira otentha a m'ndowa. Madzi obiriwira a mankhwala, osaundana m'chisanu, analipo, koma ankathera m'magalimoto a mabwana, ndipo ochepa amene ankafika kwa madalaivala anali atasungunulidwa kale panjira. Chaka china Trifon anawakhulupirira. Kutacha anapeza injini ya lole itang'ambika ngati dzungu, ndipo nyengo yonse yachisanu anaithera kukweza zipika ndi manja anzake akuyendetsa. Kuyambira pamenepo injini imene amaikhulupirira m'chisanu ndi yopanda madzi. Njinga ya Ralitsa inabwera ndi madzi obiriwira m'mimba. Chisanu choyamba chitagwa, Trifon anawakhuthulira m'chitini, n'kuyamba kuchita monga anazolowera: madzulo sipanala, m'mawa ketulo.

Chaka chino chisanu chinagwa kamodzi msanga, masamba asanafiire n'komwe, kenako kunafundanso. Kuchokera sabata imeneyo njinga inayamba kumwa madzi. Akamakwera chitunda chachitali chochokera kumtsinje, kanyali kofiira kochenjeza kuti injini yatentha kankayaka. Akaima n'kuyang'ana pansi, panalibe ngakhale dontho. Koma akatsegula rediyeta, madzi anali atatsika. Ankathira ena, mawa lake chimodzimodzi.

Msewu wathu uli ndi akasupe ambiri, omangidwa ndi mabanja pokumbukira abale awo amene anamwalira. Trifon anayamba kuima pa kasupe aliyense. Chivindikiro cha rediyeta yotentha satsegula, nthunzi yake imasupula nkhope, choncho ankayenera kudikira, ndipo kudikira ndi chinthu chimene sanaphunzirepo. Ankazungulira njinga, kuwerenga dzina la womwalira pamwala, kukankha timiyala ndi nsapato, kubwerera kudzagwira injini ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyambanso kuzungulira. Galimoto ikamadutsa ankawerama n'kumamwa madzi, kuti aoneke ngati wamuimitsa ndi ludzu. Buledi anayamba kufika kumudzi madzulo m'malo mwa masana. Anthu anaona, wina anauza wina, ndipo nkhani inatsika phiri msanga kuposa njingayo.

Ralitsa anaimba foni Lachitatu. Sanafunse zambiri. Anati wamva kuti bambo ake akudziwa pamtima mayina a akufa onse a mumsewu wa ku Smolyan, ndipo akubwera Loweruka ndi galimoto yopanda katundu kumbuyo.

Trifon anayamba kusaka. Anayala katoni pansi pa njinga, m'mawa anaipeza youma. Anafinya mapaipi onse a labala, n'kulimbitsa timalamba tachitsulo towagwira. Anayang'ana oyilo, poopa kuti madzi akulowa mkati mwa injini, koma anali wakuda bwinobwino, osati wotuwa ngati khofi wa mkaka. Utsi nawo sunali woyera. Zimenezi zinamutsitsako mtima, koma pobowoka sizinamuonetse. Anatuluka nayo njinga, inatentha, inamwa madzi, anabwera nayo, anagwada, osaona kanthu.

Mnansi wake Spas Karov, amene ankakonza mathirakitala masiku a minda ya boma, anali chitsamire pampanda nthawi yonseyi. Awiriwa anakulira limodzi ndipo sanagwirizanepo pa chilichonse. Lachisanu Spas analowa pabwalo atanyamula supuni yodzaza ndi tsabola wofiira wosinja.

"Thira uyu, mdala iwe, usiye kuvina. Amatseka bowo lililonse. Ukafuna uswerenso dzira, uzikafika ku Smolyan chakudya chitapsa."

Trifon anakana. Tsabola anathirapo kambirimbiri m'malole ndipo ankathandizadi, koma timapaipi ta m'rediyeta iyi n'topyapyala ngati udzu. Angatseke bowo, n'kutsekanso njira ya madzi. Spas anati ndiye ayambe kulongedza, ndipo anapempheratu nkhuni zimene zili kuseri kwa nyumba, poti ku Plovdiv kulibe mbaula. Trifon anamuuza kumene angakaike supuni yakeyo.

Analowa m'nyumba, anatuluka, analowanso. Chimene ankadziwa n'chakuti madzi amatuluka injini ikatentha basi, ndipo amauma asanafike pansi. Madzi a pakasupe sasiya mtundu kapena fungo. M'chipinda chosungira zakudya anaona sefa ya Nevena ili pamsomali. Mkaziyo akafuna kudziwa kumene makoswe akulowera, ankawaza ufa pansi, m'mawa n'kutsata timapazi.

Loweruka analawirira. Anatsuka injini yonse ndi sopo, anaipukuta, anaisiya padzuwa mpaka inauma gwa. Kenako anasefera ufa wa tirigu paliponse pamene paipi yakumana ndi chitsulo, m'munsi mwa rediyeta, ndi pa pampu ya madzi. Anailiza injini njinga ili chiimire, n'kugona chammbali pansi. Spas anabwera kudzaseka, koma posakhalitsa nayenso anagona mbali inayo. Trifon anadzuka kawirikawiri kukagwira paipi, kuyang'ana kumsewu, n'kugonanso. Spas anamuuza kuti akapitiriza choncho, bowo lichita manyazi.

Fani ya rediyeta itayamba kulira, anaona. Pansi pa pampu pali kabawuti kotulutsira madzi. Ufa wozungulira kabawutiko unada, kamzere konyowa kanatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo dontho linagwera pa paipi ya utsi, linalira, n'kusowa.

Ralitsa anawapeza ali chomwecho, amuna awiri okalamba atagona pansi, ayera mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze. Anapereka moni kwa amalume Spas, anafunsa ngati buledi wa mudzi uno tsopano akuphikira pa njinga, kenako ananjuta kuti aone chimene bambo ake akuloza. Trifon ankalankhula mofulumira, wokondwa: ndi kabawuti chabe, ntchito ya kanthawi kochepa. Ralitsa anapukuta ufa ndi chala.

"Bambo, bawuti imeneyi ikuwala chonchi bwanji? Zinzake zonse zatuwa."

Trifon anayankha ngati wafunsidwa chifukwa chimene amadyera. Ikuwala chifukwa imagwira ntchito. M'chisanu amaimasula madzulo aliwonse, m'mawa amaimanga. Spas anagwedeza mutu kuvomereza, poti naye ankatero ndi mathirakitala, ndipo kameneka kanali koyamba awiriwa kuima mbali imodzi. Ralitsa anafunsa za madzi obiriwira amene anali m'njingamo. Trifon analoza chitini chadzimbiri pansi pa masitepe.

"Ndiye kuti njinga sinabowoke yokha. Mwaibowola ndinu."

Trifon anati pangano linali la kusiyidwa panjira, ndipo njingayi sinamusiyepo. Tsiku lililonse ankafika nayo pakhomo ili pa mateyala ake. Spas anati zoona inkafika, koma buledi ankafika atauma. Ralitsa sanaseke. Anati sadikira tsiku limene injini idzaime mwadzidzidzi pakona, anthu n'kukawatola bambo ake m'chigwa. Galimoto ili pamsewupo, kumbuyo kulibe katundu. Ngati njinga sikwera chitunda lero lomwe popanda kanyali kuyaka, apitira limodzi.

Anadikira kuti injini izizire, Trifon akuyendayenda pakati pa geti ndi khonde. Trifon atamasula bawuti, kamphete kamkuwa kamene kamakhala pansi pa mutu wake kanagwera m'dzanja lake. Kanali kataphwatalala ngati khoko la anyezi, kali ndi mng'alu mbali imodzi. Kamphete kotere amamanga kamodzi n'kukasiya. Aka kanali katafinyidwa nyengo ziwiri zachisanu, tsiku ndi tsiku. Spas anapita kwawo n'kubwera ndi chitini cha timphete totsala ku mathirakitala, anakhuthula patebulo, anasankha kolingana. Anakawotcha pa moto wa gasi mpaka kanafiira, n'kukaponya m'madzi kuti kafewe. Anayang'ananso mazinga a m'bowo la bawuti, n'kunena kuti chisanu china chimodzi akanatha, ndipo pamenepo Trifon akanadikira chivindikiro chatsopano cha pampu ali pakhonde lija la ku Plovdiv.

Ralitsa anatsika kukagula madzi obiriwira pamalo omwetsera mafuta. Pamene ankabwera, amunawo anali atatsuka kale mkati mwa rediyeta, ndipo m'beseni munali timibulu toyera ta laimu wa m'madzi a pakasupe. Trifon anamanga bawuti ndi kamphete katsopano, osalimbitsa mopitirira. Anathira madzi obiriwirawo pang'onopang'ono, akufinya mapaipi ndi kupendeketsa njinga uku ndi uku kuti mpweya utuluke. Nkhope yake inali ya munthu amene akumwetsa mwana wake mankhwala a sing'anga wosamudziwa. Anapukuta, anaseferanso ufa, analiza injini. Fani inalira, inasiya, inaliranso. Ufa unakhala woyera.

Anatsika mpaka kumtsinje, Ralitsa akumutsata pagalimoto, n'kutembenuka kukwera chitunda chija. Trifon ankayang'ana kanyali kuposa msewu. Anadutsa kasupe woyamba, wachiwiri, ndi ena onse osaima. Pakhomo anazimitsa injini, anavula chipewa, n'kufunsa mwana wake ngati adya nyemba asananyamuke.

Ralitsa anadya. Atatha anatulutsa m'chikwama kabotolo ka utoto wofiira wopaka m'zikhadabo, anagwada pa njinga, n'kujambula mzere kuchokera pamutu pa bawuti kufika pa chitsulo cha pampu.

"Mukadzamasula, utotowu udzang'ambika. Ndikadzaupeza wong'ambika, sitidzakambirananso."

"Nanga injini ikang'ambika ndi chisanu?"

"Siing'ambika."

"Amene anandipatsa madzi a lole ija ananenanso choncho."

Ralitsa anatseka kabotolo kake, anatsanzika amalume Spas, n'kuliza galimoto.

Chisanu chenicheni chinagwa mu Novembala. Dzuwa likulowa kumwamba kunali kopanda mtambo, mphepo itaima, matope a pabwalo atayamba kulimba. Trifon anangozindikira ali chogwada m'shedi, sipanala ili m'dzanja, mzere wofiira uli patsogolo pake. Anabwerera m'nyumba. Anatulukanso, anaifunditsa njinga bulangeti, analichotsa poona kuti n'zachibwana, kenako analibwezera. Spas anafunsa ali kuseri kwa mpanda ngati wataya kanthu. Trifon anatenga mabotolo awiri ang'onoang'ono, m'limodzi anathira madzi obiriwira otsala, m'linalo a pakasupe, anatseka, n'kuwaimika pamtengo wa mpanda. Sipanala anakaipereka kwa Spas kuti agone nayo.

Kutacha anatuluka asanamange nsapato. Botolo la madzi a pakasupe linali litauma ngati mwala, litatupa. Linalo atalipendeketsa, madzi anayenda. Analowa m'shedi, anafinya paipi ya rediyeta, inali yofewa. Analiza njinga, inalira. Spas anabweza sipanala n'kufunsa ngati tsopano akuwakhulupirira madzi a Ralitsa. Trifon anati chisanu cha Januwale sichinafike.

Botolo la madzi obiriwiralo amaliimikabe pampanda madzulo aliwonse, ndipo m'mawa amayamba kaye kulipendeketsa asanamwe khofi. Msewu ukapalidwa chipale chofewa amatsika ku Smolyan, buledi amafika masana. Utoto ukadali pa bawuti. Trifon akadali ku Studen Dol, ndipo nkhuni zija akuwotha yekha.