Masamba a Mango Pamsewu wa Tala

Mwezi watha ku sikelo anamwino anatiuza kuti kwapezeka ndalama za chithandizo zoikira mawailesi m'maambulansi, kuti achipatala azitha kulankhula ndi dalaivala ali pamsewu. Azimayi anzanga anawomba m'manja. Ine ndinali nditagwira mwana pamiyendo, ndipo manja sindinawachotsepo.

Mwana wanga wamkaziyu anadwala malungo ali ndi chaka ndi miyezi ingapo. Bambo ake anali kutali, kokapha usipa ndi anzawo. Ndiye kuchipatala chathu chaching'ono ndinapita ndi apongozi anga, mayi awo a amuna anga. Tinafika dzuwa lisanatenthe. Anamwino anatsegula chikope cha mwana, anayang'ana m'zikhatho, kenako anamubaya jakisoni.

"Magazi achepa kwambiri," anatero. "Kuno sitithira magazi. Akafike ku chipatala chachikulu lero lomwe."

M'kachipinda kawo munali wailesi yolankhulirana ndi chipatala chachikulu, kabokosi kakuda koyendera batire la sola. Ndinaima pakhomo n'kumamvera. Mawu a bambo wina anatuluka m'kabokosimo, akuti ambulansi yanyamuka m'mawa kupita cha ku Nkhunga kukatenga mayi woyembekezera, ndipo pobwerera idutsa pamsewu wa tala wa kwathu.

"Muwauze akhote kuno, ova," anatero anamwino, kutsiriza ndi liwu la pawailesi losonyeza kuti amaliza kulankhula.

"M'galimotomo mulibe wailesi. Foni ya dalaivala tayimba kanayi, sikupezeka, ova."

Anamwino anasiya wailesi ija. Kenako analemba kalata n'kundipatsa. "Mayi, pitani mukadikire kumsewu. Mukaiona muiimitse, muwaonetse ichi."

Kuchoka pachipatala kukafika pa tala ndi kamtunda ndithu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Mwana anali atayamba kukomoka, maso akutembenuzika. Mthunzi unali wochepa, ndiye ndinamugoneka pamiyendo n'kumufunditsa chitenje mpaka kumutu, kuopa dzuwa ndi ntchentche.

Pamalo pamenepo msewu ndi wowongoka, magalimoto amathamanga. Inadutsa lole ya nzimbe, kenako minibasi. Apongozi anakweza dzanja kuti angoyesa, koma palibe inachepetsa liwiro.

"Ambulansi ndiye imauluka kuposa izi," anatero. "Idutsa tikuyang'ana chonchi."

Anayamba kuthyola nthambi za mango n'kumaziyala pamsewu, zina kumtunda, zina kumunsi.

"Amayi," ndinatero, "masamba si a maliro amenewo?"

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma unaionapo galimoto yothamanga pamasamba? Ikangochepetsa, ife tiigwira."

Ndinaona kuti ndi nzeru. Komanso apongozi sutsutsana nawo kawiri. Ndinawasiya apitirize.

Posakhalitsa anafika azimayi atatu ochokera kudimba cha ku Bua. Ataona masamba anatula madengu, anamangirira bwino zitenje, n'kudzakhala pafupi nane miyendo atatambasula. Mmodzi anafunsa motsitsa mawu kuti, "Zachitika nthawi yanji?"

"Ali moyo," ndinatero. "Tikudikira ambulansi."

Anapepesa, koma sanachoke. Anati adikira nafe. Bambo wina wapanjinga anatsika, anadutsa akukankha njinga, chipewa chili m'manja. Ndinkaona zonsezi, koma mutu wanga unali pa kupuma kwa mwana. Dzanja langa linali mkati mwa chitenje, pachifuwa pake.

Ambulansi inatulukira dzuwa litapendeka pang'ono. Itafika pamasamba inachepetsadi liwiro, monga ananenera apongozi. Inkayenda ngati munthu wapansi. Ndinaona nkhope ya dalaivala bwinobwino. Anayang'ana azimayi okhala pansi, anayang'ana chofunditsidwa pamiyendo panga, ndipo anavula kapusi yake. Apongozi anathamangira ku windo akukupiza kalata ija. Iye anaweramitsa mutu, n'kugwira pachifuwa ngati wopepesa. Ine ndinayesa kudzuka, koma miyendo inali itachita dzanzi, ndipo ndinaopa kugwetsa mwana. Pomwe ndinkavundukula chitenje kuti aone kuti akupuma, galimoto inali itapyola masamba omaliza. Inayambanso kuthamanga.

Apongozi anaithamangira mpaka mpango unagwa. Anabwerera akupumira m'mwamba, n'kuyamba kutola nthambi zija imodziimodzi, kuzitaya m'ngalande. Sanandiyang'ane.

Mmodzi wa azimayi aja anathamanga kukauza anamwino. Anabwera ndi yankho lakuti anamwino alankhulanso pawailesi, ndipo akuti ambulansi ikakatsitsa wodwala ibweranso, koma ipita kaye kwina kumene aitana kale. Tinadikira. Panalibe china choti tichite. Ndinkanyowetsa nsonga ya chitenje m'madzi a azimayi aja n'kumapukuta mwana pamphumi. Anakomokanso kawiri tili pomwepo.

Amene anatinyamula ndi bambo wina wa kagalimoto konyamula nsomba. Tinakhala kumbuyo pakati pa madengu. Kuchipatala chachikulu anatilandira msanga, magazi anamuthira tsiku lomwelo.

M'mawa mwake ndinakumana ndi dalaivala uja pakhonde. Anazindikira apongozi.

"Amayi, si inu munali pamaliro paja dzulo?"

Apongozi analoza chitseko cha wodi ya ana. Bamboyo anayang'ana chitsekocho.

"Ndimayesa mukufuna ndinyamule thupi," anatero. "M'kati ndinali ndi mayi wotaya magazi. Akanandiuza kuti pali mwana, malo analipo."

Sindinapeze chomuimbira mlandu, chifukwa pa zimene anaona, anachita zaulemu.

Mwana anachira. Tsopano ali ndi zaka zinayi. Mwendo wakumanzere amaukoka, ndipo mawu amene amatchula bwino ndi ochepa. Adokotala anati zimachitika mwana akakomoka nthawi yaitali. Ndinawafunsa ngati zikanakhala chonchi tikanafika masana. Anati sangadziwe.

Apongozi ndi amene amamubereka popita kulikonse, ngakhale msana ukuwavuta. Ndikati ndiwalandire amati, "Musiye, sakulemera."