Tsiku limene Lemuel Haskew anakweza mawu

Lemuel Haskew anali wosula zitsulo m'tauni yathu ya Harlan Ferry, m'mphepete mwa mtsinje wa Missouri, ndipo mpaka anakwanitsa zaka makumi asanu palibe anamumvapo akunena kuti ayi. Ukamuuza kuti lero kugwa mvula, ankavomera. Wina akabwera n'kunena kuti kuwomba dzuwa, ankavomeranso, uku akusisita kavalo wa munthuyo. Tisamuseke kwambiri, poti ambirife tinali otero, kungoti iye ankazichita mwaluso.

Chipani ankavotera cha malemu bambo ake, monga mmene ankavalira jekete lawo, osafunsa ngati likumukwana. Ndiye chaka chija chipanicho chinang'ambika pakati chifukwa cha ukapolo, n'kuimika anthu awiri pa mpando umodzi wa bwanamkubwa. Wina, amene tinkamutcha Wandevu, ankati ukapolo ufalikire mpaka kumadera atsopano akumadzulo. Mnzakeyo, Wadazi, ankati ulekezere pomwe wafika. Sanati uthe, ayi. Kwathu kuno kulimba mtima tinkakuyeza ndi kasupuni ka tiyi.

Chovuta chinali chakuti voti yathu sinali yakapepala. Unkakwera pakhonde la khoti n'kutchula dzina mokweza, mlembi n'kulemba, tauni yonse itatchera khutu.

M'chipala cha Lemuel munkagwira ntchito Josiah, kapolo wa bambo Ragsdale, mwini minda ya fodya, amene anamubwereketsa kumeneko zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Kunena zoona, wosula weniweni anali Josiah, Lemuel ankangocheza ndi eni akavalo. M'chipalamo munalibe chikoti, ndipo Lamulungu lililonse Josiah ankatha kukaona mkazi wake Hester, amene ankaphika kuhotela. Kuminda kunali kutali, ndipo opita kumeneko sitinkawaonanso m'tauni.

Kutatsala masiku atatu kuti tivote, bambo Ragsdale anaima pakhomo la chipala osatsika pakavalo.

“A Haskew, Lolemba ndidzakhala pakhonde pompo, ndipo makutu anga ndi abwinobwino. Mukadzalakwitsa dzina, Josiah ndikumufuna ku fodya.”

“Zoona, bwana, zoona,” anatero Lemuel.

Atapita kukadya, mkazi wake Dorcas, wobadwira ku Ohio kumene kunalibe akapolo, anamuikira mbale ya nyemba ndi buledi wa chimanga mwamphamvu ndithu.

“Bambo a Ruth, mapanga awiri avumbwitsa. Zaka makumi awiri ndakhala ndi mwamuna wongogwedeza mutu ngati gulo. Lolemba ndidzaima pansi pa mtengo wa kukhoti uja, ndimve ngati muli ndi mawu.”

“Zoona, mayi, zoona.”

Masiku atatuwo Lemuel anayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Anafunsa abusa, abusa anati apemphere. Anafunsa wometa, wometa anati iye amameta a ndevu ndi a dazi omwe. Anafunsa ngakhale woolotsa anthu pamtsinje. Amene sanamufunse ndi Josiah yekha, amene anamva zonse ali pa mvukuto, mapazi awiri kuchokera pomwe iye ankaima.

Pomaliza anapeza nzeru, ndipo anadzitama nayo mumtima. Adzang'ung'udza pansipansi, mlembi alembe chimene walemba, ndipo aliyense adzamuuza kuti anatchula wake.

Lolemba anthu anadzaza. Mbali iliyonse inabweretsa mgolo wake wa kachasu wa chimanga, ndipo Lemuel, posafuna kukhumudwitsa munthu, anamwa konsekonse. Atakwera pakhonde anapeza kuti mlembi ndi mkulu Tibbs, amene khutu lake linafa kalekale.

“Dzina la amene mukumufuna?”

Lemuel anang'ung'udza.

“Mwati ndani?”

Anang'ung'udzanso, thukuta lili kamukamu.

“A Haskew, simukufunsira mbeta pano. Kwezani mawu.”

Anthu anafa nalo phwete. Kumanzere bambo Ragsdale ankamuyang'ana, ndodo ili pamwendo. Kutsidya kwa msewu Dorcas anali atapinda manja pansi pa mtengo. Kaya anali kachasu, kaya manyazi, kaya chikumbumtima chimene chinagona zaka makumi asanu, ife sitidziwa ndipo iyenso sankadziwa. Anakuwa dzina la Wadazi mpaka akavalo anadzidzimuka.

Anatsika masitepe mtima uli mbee. Anthu asanu ndi mmodzi anamugwira chanza, Dorcas anamugwira mkono pamsewu anthu akuona. Patapita sabata tinamva kuti Wandevu wapambana ndi mavoti ankhaninkhani. Koma bambo Ragsdale sanadikire zimenezo. Ngolo yawo inafika pachipala Lachiwiri m'mawa.

Josiah anamaliza kaye nsapato ya kavalo imene inali pamoto, n'kuiviika m'madzi, n'kupachika nyundo pamalo pake. Lemuel anaima pambali, chisoni chitamugwira, komabe kamtima kena kakuyembekezera zikomo.

“Unamva zimene ndinachita dzulo, Josiah?”

“Ndinamva, bwana. Tauni yonse inamva.”

“Ndinachitira iwe, ukudziwa.”

Josiah anavula epuloni yachikopa, n'kuipinda bwinobwino.

“Mukanandifunsa, bwana.”

“Ukananena chiyani?”

“Sindikudziwa. Mwina ndikanati kuwani. Koma mukanandifunsa.” Atakwera ngolo anacheuka. “Mukamuuze Hester asandidikire Lamulungu.”

Lemuel anakhala zaka zina makumi awiri, ndipo nsapato zimene ankasula yekha zinkaguluka mwezi usanathe. Nkhondo yothetsa ukapolo itatha, tonse tinakumbukira mwadzidzidzi kuti ukapolo tinkadana nawo kuyambira kale, ndipo Lemuel tinamusandutsa ngwazi yathu. Chaka chilichonse tinkamuimika pakhonde lomwe lija kuti afotokozere ana mmene anakuwira, iye n'kumati zoona, zoona. Pamaliro ake abusa analalikira za mawu ake kwa ola lathunthu, ife tikuvomereza.

Titatuluka, Dorcas anaima pachipata cha tchalitchi, chachitsulo chija chimene anasula Josiah, n'kutifunsa mmodzimmodzi ngati alipo akudziwa kumene munthuyo anakathera. Tinayang'anana, chifukwa nafenso sitinafunsepo.