Chithunzi cha Diso la Malume

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro inali yophunzitsa kompyuta kuona matenda m'maso. Musaseke, n'zoona. Tinkajambula mkati mwa diso la munthu wodwala shuga, n'kuionetsa kompyuta zithunzizo kuti izolowere kuzindikira mitsempha imene yayamba kutaya magazi, munthuyo asanachite khungu. Ananditumiza ku Chitipa chifukwa ndi kwathu, ati ndimamva chiyankhulo. Ine kudzimva, eti ndayamba kutchedwa wofufuza.

Kuti chithunzi chituluke bwino, timayamba tadontheza mankhwala kuti mwana wa diso atseguke. Vuto lake, mankhwalawo amasiya munthu akuona mwachizimezime kwa nthawi ndithu. Wokhala pafupi ndi chipatala savutika, amangomugwira dzanja mpaka kunyumba. Nanga wochokera kumtunda kwa Misuku? Njira zake n'zotsetsereka, mvula ikagwa ndiye musanene. Ambiri ankakana mankhwalawo, ndipo zithunzi zawo zinkatuluka zakuda bii.

Malume anga, mlimi wa khofi ku Misuku komweko amenenso ankadwala shuga, anabwera panjinga, nawonso n'kukana. "Yayi! Ukufuna ndikagwere kuphompho? Jambula momwemo." Ndinajambula. Chithunzicho chinali chamdima, koma cham'mbali ndinkaonamo timadontho tofiira timene sitinandisangalatse.

Ndinaimbira foni mkulu wa kafukufuku wathu, yemwe ankakhala kutauni. "Bwana, pali chithunzi chimodzi ndikupempha kuti katswiri achione. Mwina mwini wake akufunika chithandizo msanga."

"Ngati sichikuoneka bwino, chotsani," anatero. "Zithunzi zoipa zitiwonongera zotsatira. Katswiri amaona zokhazo zimene zalowa m'kafukufuku."

Ndinakakamira mpaka anandikumbutsa kuti ndine wongoyamba kumene. Ndiye ndinauza malume kuti apite kwa madokotala a maso ku Mzuzu. Anaseka.

"Makina akowo anena kuti ndadwala?"

"Ayi malume, sananene kanthu."

"Ndiye ndisiye khofi wanga akupsa chifukwa cha maganizo ako?"

Nanga akanamvera bwanji mwana amene anamuona akudontha mamina? Anakwera njinga yawo n'kumapita.

Kafukufuku anatuluka, anthu anaomba m'manja. Ati kompyuta yathu siphonya. Aa, ingaphonye bwanji poti ovuta onse tinawataya? Anthu akumapiri, amene amafika kuchipatala mochedwa kuposa wina aliyense, ndi omwewo amene sanawerengedwe n'komwe. Dzina langa lilipo papepala la kafukufukuyo, chakumapeto, ndipo mpaka lero ndikaliona ndimapsa mtima.

Patapita nyengo ndinakwera ku Misuku kukaona abale. Palibe amene anandiuza kanthu, ati ankaopa kundisokoneza pantchito. Ndinapeza malume atakhala pakhonde ndi alendo a kutchalitchi, ndipo atamva mawu anga anasangalala ngati mwana.

"Mukumuona uyu? Mwana wa mlongo wanga ameneyu, dokotala wa maso!"

Ankaloza chala kukhoma, ine ndili mbali ina.