Daisy pa Sikelo ya Tiyi

Pa esiteti pathu pano pali akatswiri ambiri a kaleredwe ka ana, ndipo onsewo anapeza ukatswiriwo tsiku limene mimba ya Marita inaonekera.

Marita ndi uja wa ku nazale, amene amakhala pansi tsiku lonse kuthira dothi m'timachubu ta mbande za tiyi. Poliyo inamufooketsa miyendo ali wamng'ono, ndiye amayendera manja, mapatapata atavala m'manjamo. Pamalo osalala musayerekeze kupikisana naye, muchita manyazi. Vuto ndi loti ku Thyolo kuno malo osalala alipo awiri okha: bwalo la mpira ndi tebulo la abwana.

Mimba ija itaoneka, layini yonse ya nyumba za antchito inadwala chisoni. “Iii, mayi wanga ine, ndani wachita zoterezi?” Ngati kuti munthu wapalamula mlandu wakupha. Wochita zoterezo anali a Bizwick, mwamuna wake wa ukwati wa kutchalitchi ndithu, amene mwanayo, Daisy, atangobadwa anapita ku Bvumbwe kukagula sopo wochapira matewera. Mpaka lero akusankhabe. Tisawafulumize, sopo alipo wamitundumitundu.

Thandizo nalo silinachedwe. Bungwe lina linabwera ndi galimoto zitatu kudzapereka njinga ya olumala imodzi. Anajambulana nayo zithunzi mpaka dzuwa kutopa. Marita anaikwera kamodzi kokha, pakamtsetse ka kuseri kwa layini, ndipo tinakamutola pakati pa tiyi, njinga ili chagada, matayala akuzungulirabe. Pano nkhuku yake imaikiramo mazira. Palibe nkhuku m'boma lino imene inathandizidwa ngati imeneyo.

Tsono mwana amafunika kusikelo mwezi ndi mwezi. Chipatala chathu anachimanga pamwamba pa phiri, mwina kuti odwala aziyandikirako kumwamba. Marita anakwerako katatu, Daisy ali kumbuyo, kuwoloka kamlatho ka mitengo iwiri. Ankanyamuka mame asanaume, kufika dzuwa litapendeka. Ulendo wachitatu anamulandira ndi malangizo aulere: “Mayi, sikelo ndi ya m'mawa. Muzilawirira ngati anzanu.” Kenako mvula inayamba, njira inasanduka phala, ndipo kabuku ka Daisy ka kusikelo kanangotsala koyera ngati malaya a abusa.

Koma Marita si munthu wokhala n'kumalira. Pafupi ndi nazale pali shedi imene othyola tiyi amayezetsera masamba awo, ndipo pamenepo pamalendewera sikelo ya ngowe, mphwake weniweni wa ya kuchipatala ija. Mwini sikeloyo ndi a Zakeyu, kalaliki amene chiyambireni ntchito sanapatsepo munthu kilo yathunthu. Amadula ya dengu, amadula ya mvula, amadula ya mame, nthawi zina ngakhale mame adzulo.

Tsiku lina Marita anangolowa pamzere, Daisy ali m'dengu la tiyi.

“Amake Daisy, masamba amenewa mwathyola munda uti?”

“Wanga womwe. Tayezani, akalaliki, anthu akudikira.”

“Sikelo ya kampani iyi, si ya ana.”

“Nanga imadziwa?”

A Zakeyu anayang'ana uku ndi uku, n'kukoleka dengu. Anawerenga, anakhudza thewera, nkhope n'kuchita ngati ya woweruza. “Katunduyu wanyowa. Ndidula hafu ya kilo.”

Analemba pakapepala, tsiku ndi makilo, n'kusaina. Kuyambira pamenepo, Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse Daisy ankakwera sikelo pakati pa madengu a tiyi, ndipo mwezi uliwonse a Zakeyu ankapeza chifukwa chodulira hafu. Timapepalato Marita ankatisunga m'chitini cha mkaka.

Daisy atakwana miyezi khumi, kunatulukira a Victoria, akulu ake a Marita, a ku Limbe, amene nyumba yawo ndi ya simenti mpaka kubafa. Anapatsa moni, anamwa madzi, n'kupempha kabuku ka mwana. Atatsegula anakuwa ngati apezamo njoka.

“Miyezi sikisi osayeza! Marita, ukufuna kutiphera mwanayu? Ine ndinanena kale, iwe wekha ukufunika wokulera. Mwana ndikumutenga.”

“Achemwali, mwanayu akuyamwa.”

“Ku Limbe kuli mkaka wam'sitolo.”

Loweruka lake anabweranso, ulendo uno ndi atsibweni awo, a Crispin a ku Khonjeni, eni mbumba, amene mawu awo pa ana a banjalo ndiwo omaliza. A Victoria anali atagula kale chitenje chatsopano choberekera. Anaitanitsanso alangizi a zaumoyo kuti adzachitire umboni kuti kabuku n'kopanda kanthu. Layini yonse inasonkhana, akatswiri aja kutsogolo, ena ana awo ali mamina mpaka pachibwano.

Marita anatulutsa chitini chija n'kuyala timapepala pamphasa.

“Izi n'za tiyi,” anatero atsibweni, atatembenuza kamodzi. “Mwana wa mlongo wanga, ukufuna tikaweruze mdzukulu ndi malisiti a masamba? Alangizi akanena kuti mwanayu sali bwino, akupita ku Limbe lero. Ndatha ine.”

Apa Marita anangomukokera Daisy pamiyendo pake, n'kumugwira mwamphamvu moti mwana anayamba kudandaula.

Alangizi anafika panjinga yamoto, mayi wachitsikana wovala yunifolomu yosita bwino. Anatsegula kabuku, anapukusa mutu, a Victoria n'kupukusa nawo mothandizira. Kenako anatola timapepala tija. Faifi ndi hafu. Sikisi. Sikisi ndi hafu. Mpaka eyiti, mwezi ndi mwezi, osadumpha.

“Walemba izi ndani?”

A Zakeyu, amene anabwera kudzangoonerera, anayesa kubisala kuseri kwa akatswiri, koma anawakankhira kutsogolo.

Alangizi anakoleka sikelo yawo panthambi ya mpeyala, n'kumuikamo Daisy. Muvi unagwedera, unagwedera, n'kuima.

“Eyiti ndi hafu. Bambo, inu mwalemba eyiti Lachisanu lomweli. Hafuyo ili kuti?”

“Ya chinyezi, madamu. Ndi lamulo.”

Othyola tiyi onse anafuula nthawi imodzi, chifukwa hafu imeneyo akhala akuisaka zaka makumi awiri. Alangizi anaseka mpaka kukhala pamphasa. Anakopera makilo onse m'kabuku, kuwonjezera hafu paliponse, n'kulumikiza timadontho. Mzere unakwera bwinobwino ngati njira ya kuchipatala kwawo komweko.

“Mwanayu akukula bwino kuposa ambiri amene ndikuwaona panowa,” anatero, ndipo akatswiri ena anayamba kupukuta ana awo mphuno. “Koma katemera wa chikuku wamudutsa. Mayi, simunabwere bwanji?”

“Inu mwayenda nthawi yaitali bwanji kufika kuno?” anafunsa Marita.

“Mphindi teni.”

“Ine ndi tsiku lathunthu, ndi manja. Ndikafika mumati ndizilawirira.”

Alangizi anayang'ana mapatapata aja, anayang'ana njinga yawo yamoto ija. Anangoti Lachisanu abwera ndi katemerayo kushedi, ndipo azibwera mwezi uliwonse, poti anthu ake amakhala atasonkhana kale.

Atsibweni anakhosomola. “Ine chibwerereni ndimadziwa kuti mwanayu ali bwino. Victoria, ukafuna kuthandiza, uzibwera kudzachapa matewera.”

A Victoria anati ku Limbe kumawachulukira zochita. Anapinda chitenje chawo chatsopano, koma kuti chisabwerere chabe anamangamo mazira asanu a m'njinga ya olumala ija.

Lachisanu linafika. Pashedi panalendewera masikelo awiri, ya alangizi ndi ya kampani, azimayi a layini yonse ali pamzere ndi ana awo, akuuzana kuti nzeru imeneyi anali nayo kalekale. Daisy anabayidwa, analira mpaka kumveka kufakitale, n'kubwerera kumsana kwa amake. Asanachoke, Marita anamuika m'dengu n'kupatsira a Zakeyu mwa chizolowezi.

A Zakeyu anakoleka, anawerenga, anayang'ana misozi ili mbwee m'masaya mwa mwana.

“Uyu wanyowa kumtunda,” anatero, n'kudula hafu.