Chilonda cha ulendo umene tinabisa

Kachiphuphuko ndinakaona koyamba kumayambiriro kwa Seputembala, ndikusamba. Kanali pamsongolo wa mwendo wamanzere, kofiira, kosawawa, kongoyabwa pang'ono. Ndinakakanda n'kukaiwala. Munthu amene wangotha miyezi akulumidwa ndi chilichonse chouluka sangataye nthawi ndi kachiphuphu kamodzi.

Dzina langa ndine Tiyamike, kwathu ndi kufupi ndi Chezi, ku Dowa. Nditamaliza maphunziro a zankhalango, bungwe lina la achinyamata linandisankha kuti ndipite ku Peru kukagwira ntchito yongodzipereka. Ndinanyamuka mu Meyi, anthu akukolola. Ntchito yathu inali kufesa mbewu za mitengo panazale ndi kukadzala pamalo amene anthu okumba golide anasiya pali mbee. Ndinkadziyesa katswiri poti ndinaphunzirirapo ntchito m'nkhalango ya Ntchisi, koma nditafika kumeneko ndinachita manyazi. Mitengo imatseka dzuwa, mvula imagwa tsiku lililonse, ndipo chovala ukachichapa chimachita nkhungu chisanaume. Tinkagona m'maneti, komabe madzulo tikakhala panja kudya, tintchentche ting'onoting'ono tinkatiluma m'miyendo mwakachetechete. Anatilangiza kuti tizivala zofika m'mapazi nthawi zonse. Ine ndikafika pamsasa ndinkathamangira kuvula majombo chifukwa cha kutentha. Ndinasangalala kwambiri kumeneko, ndipo mpaka lero sindidandaula kuti ndinapita.

Kumudzi palibe amene tinamuuza za ulendowu. Kwathu ulendo wabwino sulengezedwa, kuopa anthu a mtima wa nsanje. Amayi anga, a Nachisale, ndi Mkatolika weniweni, sajomba ku Misa ngakhale kumphakati, koma pa nkhani imeneyi simungawagwedeze. Ali ndi chifukwa chawo. Mchimwene wanga wamkulu anatsanzika mudzi wonse popita ku Joni, khomo ndi khomo, ndipo anamwalira pa ngozi ya basi asanafike n'komwe. Bambo anali atamwalira kale. Ndinatsala ine ndekha. Choncho tsiku lonyamuka amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Aliyense akafunsa, uli ku Lilongwe kwa azakhali ako, ukuwathandiza kulera khanda. Wamva?" Ndinamva. Nditabwerera mu Ogasiti, zithunzi ndinawaonetsera kuchipinda titatseka chitseko, ndipo anthu panjira ankangondiseka kuti tawuni yandiwondetsa.

Pofika Okutobala kachiphuphu kaja kanali kataphulika. Panatsala chilonda chozungulira ngati ndalama yachitsulo, m'mphepete motukuka, m'kati mofiira. Chodabwitsa chinali chakuti sichinkawawa, ndipo n'chifukwa chake ndinachedwa nacho. Ndinkalima nacho mizere, ndinkapita nacho kumjigo. Amayi ndi amene anandikakamiza kupita kuchipatala chathu chaching'ono, ndipo anandiperekeza mpaka m'chipinda cha nesi. Nesiyo amaimba kwaya imodzi ndi amayi. Anandifunsa ngati ndinadzitema ndi khasu kapena ngati ndinalowa m'madzi a kudimba. Ndisanatsegule pakamwa, amayi anayankha kuti, "Anali ku Lilongwe uyu, wangobwera kumene." Nesi anatsuka chilondacho bwinobwino, anamanga bandeji, n'kundipatsa makapusozi. Anachita zonse zoyenera malinga ndi zimene tinamuuza.

Makapusozi anatha, chilonda chili pompo. Anandipatsa ena a mtundu wina, nawonso anatha. Mu Novembala chinakula ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola, chinayamba kutuluka madzi ndi kununkha, ndipo m'mphechepeche munatuluka mwanabere. Apa m'pamene madokotala a m'mudzi anachuluka. Wina ankati tithire phulusa la batire, wina ankati timangepo masamba a fodya. Amayi anakana zonsezo, ndipo ndimawathokoza. Koma panali mawu ena amene sanathe kuwakana. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mwina ndinaponda mankhwala panjira. Amayi anasiya kudya bwino. Kwa iwo zinali zoonekeratu kuti wina watulukira za ulendo uja, ndiye m'malo momasuka anandiuza kuti nditsekeretu pakamwa.

Kumapeto kwa mwezi womwewo anandigoneka kuchipatala cha boma. Anandiyeza shuga, kachirombo ka Edzi ndi chifuwa chachikulu, zonse osapezeka. Anajambula mwendo n'kunena kuti fupa likadali bwino. Dokotala wina wachinyamata anandifunsa ntchito imene ndimagwira, ndipo ndinati ndimadzala mitengo m'nkhalango. "Ya Ntchisi?" anafunsa. Amayi anatsokomola kumbuyo kwanga, ine n'kugwedeza mutu kuvomera. Anandibaya majakisoni kwa masiku angapo. Fungo linatha, koma chilonda chenichenicho sichinasunthe. Ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe mu Disembala, mvula yoyamba itagwa, nthawi imene amayi anayenera kukhala kumunda akudzala.

Moyo wa m'wodi uli ndi ndondomeko yake. M'mamawa amabwera okolopa, ndipo magadiyani onse amapinda mphasa zawo n'kutuluka. Kenako phala, kenako madokotala amayendera odwala bedi ndi bedi, ndipo pambuyo pawo pamabwera kangolo ka otsuka zilonda. Nthawi yotsalayo ndi yodikira basi. Amayi ankagona pansi pambali pa bedi langa, masana ankakaphika kukhitchini ya magadiyani. Kumeneko nkhani zimayenda kuposa m'minibasi, ndipo ankabwerako nkhope itagwa. Pabedi loyandikana ndi langa panali mayi wina wochokera ku Msakambewa amene anamudula mwendo chifukwa cha chilonda cha shuga. Anali munthu wansangala, wokonda kucheza, koma ine ndikaona pamene bulangete lake linaphwa, mtima unkandigunda. Ndinkaopa kwambiri. Ntchito imene ndinaphunzira ndi yoyenda m'mapiri, ndipo sindinkadziwa kuti ndidzakhala ndani ndikadzataya mwendo. Dokotala mmodzi anali atanena kale, mosabisa, kuti chilonda chikadzafika pafupa nkhani idzasintha.

Tsiku lina m'mawa anabwera dokotala wa matenda a khungu, mayi wachikulire wolankhula motsitsa mawu. Anamasula yekha bandeji n'kuyang'ana chilondacho nthawi yaitali. Anasindikiza m'mphepete ndi chala n'kufunsa ngati chikuwawa. Ndinati ayi. Anagwira mwanabere uja, kenako anandiyang'ana m'mphuno ndi katochi, zimene zinandidabwitsa poti vuto linali kumwendo.

"Chilonda ichi sichikufanana ndi zimene timaona kuno," anatero. "Tiyamike, chaka chino unatulukapo kunja kwa dziko lino?"

Ndinayang'ana amayi. Anali ataima kumutu kwa bedi, kapu ya tiyi ili m'manja. M'wodi mulibe chinsinsi, ndipo mayi wa ku Msakambewa uja, amene ali ndi abale mpaka ku Chezi, anali atatchera khutu. Dokotala anaona kumene maso anga anapita ndipo anatembenukira kwa amayi.

"Mayi, sindikufunsa kuti ndikauze munthu. Ndikapanda kudziwa kumene mwanayu wayenda, ndizingoyerekeza mankhwala, chilonda chikupitirira kudya mwendo."

Amayi anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Anapita, adokotala. Anakwera ndege. Tiyamike, auze dzina la dziko lija, ine limandivuta. Auze zonse."

Ndinafotokoza za nkhalango, za msasa, za tintchentche tija ndi majombo amene ndinkavula. Dokotala sanakalipe. Anangonena kuti akuganizira matenda otchedwa leishmaniasis, amene amabwera ndi kantchentche kakang'ono ka m'nkhalango zotentha, ndipo makapusozi wamba sawagwira. Anati sapatsirana pogwirana kapena podyera pamodzi. Anatinso mtundu wa ku Peru ukalekereredwa umatha kudzatulukira m'mphuno ndi m'kamwa patapita nthawi, n'chifukwa chake anandiunika. Tsiku lomwelo anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kudula kachidutswa m'mphepete mwa chilonda kuti kakayezedwe.

Zotsatira tinazidikira mpaka Khirisimasi inatipeza m'wodi. Masiku amenewo amayi ankangokhala pamphasa akuwerenga korona, nthawi zina n'kudzuka kudzandikonzera chitenje chimene chinali kale bwinobwino. Tsiku lina akundipukuta mapazi ananena osandiyang'ana kuti, "Ndimati ndikukutchinjiriza." Ndinawayankha kuti ndikudziwa. Sindinawakwiyirepo ngakhale tsiku limodzi. Munthu amene anaika m'manda mwana wake woyamba sungamuuze mmene ayenera kuopera.

Mu Januwale zotsatira zinabwera, ndipo zinali monga dokotala anaganizira. Anandiyamba mankhwala a m'diripi, achikasu, amene ankawaphimba kuti asaombedwe ndi kuwala. Poyamba ankandiika diripi ya madzi, kenako mankhwalawo ankadontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka masana. Sindikunamizani, ndi mankhwala olemera. Ndinkanjenjemera mpaka mano kugundana, thupi linkatentha, ndinkasanza, chakudya chilichonse chinkamveka ngati chitsulo m'kamwa. Ankanditenga magazi pafupipafupi kuti aone impso, ndipo ulendo wina anaimitsa mankhwala kwa kanthawi chifukwa impsozo zinayamba kutopa. Nesi ankandiuza kuti ndizimwa madzi ambiri ndi kudya nthochi. Amayi anamva zimenezo kamodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo nthochi zinandikwana. Ndikayamba kunjenjemera ankandifunditsa zitenje zawo zonse, mpaka cha kutchalitchi chimene salola munthu kuchikhudza, n'kundikumbatira kumsana mpaka kuzizira kutatha.

Kusintha kunabwera mochedwa moti ine sindinakuone. Anakuona ndi amayi, amene ankasuzumira nthawi iliyonse bandeji ikamasulidwa. Mphepete zotukuka zija zinayamba kuphwa, madzi anasiya kutuluka, mwanabere anazimiririka. Kenako khungu latsopano linayamba kukwawira m'kati kuchokera m'mbali. Tsiku limene dokotala uja ananena kuti mwendo wapulumuka, mayi wa ku Msakambewa ndi amene anayamba kululuta, ali chigonere pabedi pake. Ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira mwendo wanga kapena wake.

Anatitulutsa mu Febuluwale. Njira yonse amayi ankadandaula za munda, akuti chaka chino tidya thengo. Titatsika minibasi n'kudutsa kumundako, tinapeza chimanga chili chilili, chikumasula ngaiyaye, mizere yopalira ndi kubandira bwino. Anthu a mumphakati mwathu anadzala mvula itagwa, anapalira, ndipo feteleza amene amayi anasiya m'nyumba anathira pa nthawi yake. Amayi anaima m'mphepete mwa munda nthawi yaitali atagwira pakamwa.

Pamsonkhano wotsatira wa mphakati, mapemphero atatha, amayi anaimirira n'kuulula zonse, kuti sindinali ku Lilongwe ndipo khanda lija kunalibe. Wapampando wathu, bambo wachikulire wolima fodya, anaseka pang'ono. "Mayi Nachisale, azakhali a Tiyamike ali ndi zidzukulu, khanda akanalitenga kuti? Tinkadziwa kuti mwana wapita kutali, kungoti dziko lake sitinkalidziwa. Tinakhala chete chifukwa tinkakumbukira mnyamata wanu uja. Inu mukachoka, tinkatsalira kumupempherera mwanayu kuti ayende bwino." Amayi anakhala pansi n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Nesi wa kwaya uja anasendera pafupi n'kuwagwira paphewa.

Lero ndili bwino. Pamsongolo patsala chipsera chosalala, chowala pang'ono, chimene sichimera ubweya. Ndimagwira ntchito panazale ya mitengo kufupi ndi Malomo, ndimakwera mapiri a Ntchisi ndi mbande pamutu, ndipo majombo sindivula mpaka nditalowa m'nyumba. Ndimapitabe kuchipatala nthawi imene anandiuza kuti akandione m'mphuno, ndipo anandichenjeza kuti mphuno ikadzayamba kutsekeka kapena kutuluka magazi ndisadzadikire.

Kwa anzanga amene mukupita kunja kukagwira ntchito kapena kukaphunzira, pitani, dziko ndi lokoma. Koma mukabwerako n'kuona chilonda chimene sichikupola, musanyengedwe poti sichikuwawa. Pitani kuchipatala msanga, ndipo mukanene kumene munali ngakhale asanakufunseni. Kwa makolo, ngati mwasankha kubisira mudzi, zimenezo ndi zanu, koma dokotala musamubisire. Ngati mukuopa makutu a anthu, m'pempheni mukalankhule naye pambali. Miyezi imene ine ndinataya ikanatha kunditengera mwendo.

Ndikapita kunyumba kumapeto kwa mwezi, amayi sandipatsa moni msanga. Amakhala pakhonde n'kunena kuti, "Tayenda ndione." Ndimatula chikwama n'kuyenda mpaka pankhokwe, kenako n'kubwerera, iwo maso ali pamwendo wamanzere. Ndikafika pamene akhala amagwira chipsera chija ndi chala, ndipo akatero m'pamene amandifunsa kuti ndayenda bwanji.